Chimanga chomwe sitidachione: za Countdown ndi tizitini tiwiri ta ku Area 47

Pa shelefu ya pabalaza kwathu ku Area 47 pali tizitini tiwiri ta mkaka wa ufa tomwe mulibe mkaka. M'kena muli timapepala ta malembo a liwu, m'kenako ta malembo opanda liwu, tonse todula ku katoni ya sopo n'kulembedwa ndi maka. Tizitini timeneti tidabwera chifukwa cha Countdown, pulogalamu ya mpikisano wa mawu ndi manambala ya pa wailesi yakanema ya Channel 4 ku Britain. Takhala tikuitsata pa YouTube kwa chaka ndi miyezi tsopano, anthu atatu: ine, mwana wanga wamkazi wa Fomu 3, ndi agogo ake, bambo anga, omwe adapuma pa uphunzitsi wa ku pulayimale. Amayi ake a mwanayu amangotiyang'ana n'kupukusa mutu, ati bandulo ya intaneti ikungothera kuonera azungu akuyang'ana wotchi.

Lero ndati ndilembeko za pulogalamuyi: pomwe imandigwira mtima, pomwe imandikwana, komanso chinthu china chomwe idandionetsa m'nyumba mwanga momwe, chomwe kunena zoona sindinkafuna kuchiona.

Kwa inu omwe simudaionepo, imayenda chonchi. Opikisana amakhala awiri. Mmodzi amaitanitsa malembo 9, limodzilimodzi, kunena ngati akufuna la liwu kapena lopanda liwu. A liwu asachepere atatu, opanda liwu asachepere anayi. Malembo aja akakwana pa bolodi, chiwotchi chachikulu chimayamba kuyenda, ndipo onse awiri amakhala ndi masekondi 30 oti apeze mawu a Chingerezi aatali zedi kuchokera m'malembowo. Yemwe mawu ake atalika ndiye amatenga mapointi, lembo lililonse pointi imodzi, koma ukakwanitsa kugwiritsa ntchito onse 9 umapata 18. Pa gawo la masamu amasankha manambala 6 kuchokera mwa akuluakulu, omwe ndi 25, 50, 75 ndi 100, ndi ang'onoang'ono oyambira 1 kulekeza 10. Makina amatulutsa nambala ya m'mahandiredi yoti aifikire pophatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa kapena kugawa. Kulasa ndendende ndi mapointi 10, kuphonya ndi 5 kapena kucheperapo ndi mapointi 7. Potsiriza pamabwera mawu amodzi a malembo 9 osokonezedwa, ndipo woyamba kuwamasula ndiye wadya. Pambali pamakhala tebulo la mtanthauziramawu, pomwe Susie Dent wakhala akuweruza milandu ya mawu kuyambira 1992.

Basitu, palibenso china. Komatu kanthu kophweka chonchi ndi komwe kadatsegulira Channel 4 pa 2 November 1982, ndipo mpaka lero kakadaulutsidwabe masana a pakati pa sabata. Richard Whiteley adaiyendetsa mpaka imfa yake mu 2005. Carol Vorderman adagwira gawo la masamu mpaka 2008, ndipo Rachel Riley adalowa m'malo mwake mu 2009. Maganizo ake Angerezi adachita kubwereka ku France, ku pulogalamu ya Armand Jammot yomwe idayamba mu 1965, n'kudzatchedwa Des chiffres et des lettres mu 1972, ndipo idatsekedwa mu 2024. Ena mwa inu omwe mudali ndi timadikoda taulere tija, nthawi yomwe SABC inkagwira bwinobwino kuno, mwina mukukumbukira A Word or 2 ya Jeremy Mansfield pa SABC2. Imeneyo idali mphukira ya mtengo womwewu.

Chomwe chidandikoka poyamba ndi kukhala chete. Pa TV masiku ano aliyense akukuwa: wolengeza malonda akukuwa, mlaliki akukuwa, wandale akukuwa, wa mpikisano wotumiza uthenga pa foni akukulonjeza mamiliyoni uku akukuwa. Countdown imalimba mtima kukupatsa masekondi 30 omwe palibe akuyankhula, kamera ikungoonetsa anthu awiri atawerama ndi cholembera, kanyimbo ka wotchi kakulira chapansipansi. Masekondi amenewo ndi ako woonera. Malembo omwe akuwaona opikisana ndi omwewo ukuwaona iwe, nthawi yawo ndi yakonso, ndipo palibe chomwe akudziwa chomwe chabisidwa kwa iwe. Ndiye umangozindikira kuti watola envulopu yakale n'kuyamba kulemba kuseri kwake. M'mipikisano ya mafunso, ngati sudziwa likulu la dziko lakutilakuti ndiye kuti sudziwa basi, umangodikira akuuze. Apa yankho lili pamaso pako, kungoti maso sadalione. Akalitchula umadzimenya pachipumi.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa mphoto. Wopambana pa tsikulo amapita kwawo ndi tipoti ya dothi. Eetu, tipoti yothirira tiyi. Ukapambana kasanu ndi katatu motsatizana amakupatsa dzina laulemu n'kukupumitsa kudikira ndime zomaliza. Popeza palibe galimoto kapena nyumba yolimbirana, palibenso misozi yochita kukonza, palibe kanyimbo kochititsa mantha, palibe kukokera nthawi kuti malonda alowe. Wopuma pa ntchito amakhala moyang'anizana ndi mnyamata wa ku koleji, wogonja n'kumwetulira. Bambo anga adati ataona koyamba: "Awatu akusewera ngati anthu a pa bawo." Kwa iwo palibe chiyamikiro choposa chimenecho.

Ndipotu pa masamu, m'nyumba mwathu mfumu ndi agogo. Masana ambiri amakwera minibasi kupita ku Old Town kukakhala pa bawo ndi anzawo chapafupi ndi msika, ndipo munthu wozolowera kuwerengera njere m'maenje 32 asadakhudze n'komwe, manambala 6 samuopsa. Tsiku lina tidalemba 100, 25, 7, 4, 3 ndi 1, yofikira n'kukhala 731. Ine ndikadalemba mizere, iwo adali atamaliza: "Mahandiredi seveni, wonjezerapo twente-faifi, folo ndi fili, chotsapo wani." Amaganiza ngati kondakitala wobweza chenji: yamba ndi ndalama yayikulu, zotsalazo ukwaniritse ndi timasiliva. Njira imeneyi imagwira ntchito kawirikawiri, koma gawo la masamu limakoma zedi pomwe njira ya kondakitalayo yakanika. Fufuzani kanema wa mu 1997 wa James Martin, yemwe adapatsidwa 100, 75, 50, 25, 6 ndi 3 kuti afikire 952. Adaphatikiza 100 ndi 6, n'kuchulukitsa ndi 3 kupeza 318, n'kuchulukitsanso ndi 75 kufika 23,850, uku Carol Vorderman akuseka polemba pa bolodi. Kenaka adachotsa 50 n'kugawa ndi 25. Yankho: 952 ndendende. Agogo adauonera katatu kanemayo, n'kunena kuti kupita ku Area 18 kudzera ku Dedza nthawi zina n'kololedwa, bola ukafike.

Mwaona kale kuti bambo anga, mphunzitsi wa Chichewa wa zaka zambirimbiri, amawerengera m'Chingerezi chopindidwa. Sindikuwanena, tonse timatero. Tayesani kutchula 952 m'Chichewa: mazana asanu ndi anayi, makumi asanu ndi mphambu ziwiri. Wotchi ija yadya kale masekondi angapo. Nkhondo ya manambala tidaigonja kalekale pa msika, ndipo sindikuona chifukwa choilirira. Nkhani yanga ili pa malembo.

Ndisadafike pamenepo, ndinene pomwe pulogalamuyi imandikwana. Mtanthauziramawu wa Oxford ndiye mulungu wake. Mawu akakhalamo ndi mawu, akapanda kukhalamo si mawu, olo amayi ako amawanena tsiku ndi tsiku. Zotsatira zake, akatswiri enieni a masewerawa amaloweza mindandanda ya mawu omwe sadziwa n'komwe tanthauzo lake. Munthu atchula mawu a malembo 9, akamufunsa kuti amatanthauzanji n'kungoseka kuti kaya. Kwa munthu wokonda zolembalemba zimenezi zimawawa: mawu asanduka njerwa, chofunika ndi kutalika kwake basi. Chomwe chimaipulumutsa ndi kamphindi komwe Susie Dent amafotokoza komwe mawu ena adachokera. Pamenepo m'pomwe umakumbukira kuti njerwa zija zili ndi mbiri. Palinso mtundu wina wa anthu anthabwala, 8 Out of 10 Cats Does Countdown, womwe udayamba mu 2012 ndi Jimmy Carr. Anthu ambiri amaukonda, koma ine ndimaona kuti udachotsa chinthu chomwe chimapangitsa masewerawa kukhala amoyo, kukhala chete kuja. Komanso nthabwala zake si zoonera pamodzi ndi bambo ako ndi mwana wako.

Tsopano za usiku uja. Magetsi adali atazima, foni yatha moto, ndiye tidayatsa kanyali ka sola n'kutsitsa tizitini tathu. Wotchi idali ya pamkono ya agogo. Mwana adatola malembo awa: R, A, M, C, I, G, H, A, N. Masekondi asadafike n'khumi komwe adali ataika cholembera pansi. Nthawi itakwana adati, "Eyiti, adadi. CHARMING." Inenso ndidali ndi eyiti, MARCHING, ndipo ndidadzimva kuti ndine munthu. Agogo adachotsa magalasi n'kunena mosathamanga: "Nanenso eyiti. CHIMANGA."

Tidayang'ananso timapepala tija. C, H, I, M, A, N, G, A. Chidalipo, chonse, pamaso pathu. Mwana adaseka n'kuti, "Aaa agogo, amenewo si mawu." Adazindikira msanga zomwe wanena n'kukonza: "Ndikutanthauza kuti si mawu a mu gemuyi." Koma lidali litatuluka kale. Agogo sadakwiye. Adangofunsa kuti, "Nanga nsima wadya ija yachokera ku charming?"

Sindikulemba izi kuti ndinyoze mwana wanga. Iye amaphunzira sukulu yomwe Chichewa ndi phunziro la mapiriyodi ochepa pa sabata, ndipo ndine ndemwe ndimalipira fizi kumeneko. Chomwe chidandisowetsa tulo n'chakuti inenso, munthu woti ndimalemba ndi kuwerenga Chichewa tsiku lililonse, chimangacho sindidachione. Matumba ake ali m'sitolo kuseri kwa khitchini, koma maso anga ataona I, N ndi G adathamangira kuziika pambali monga amachitira opikisana a pa TV, n'kuyamba kusaka mneni wa Chingerezi woti ndimumatire kutsogolo kwake. Pakamwa timaseweretsa Chichewa kwambiri: zilapi, miyambi, zining'a, mayina opatsana pa mpira, mawu olembedwa kumbuyo kwa maminibasi. Koma kusewera ndi malembo, kuwatembenuza, kuwasanja, tidakuphunzira m'Chingerezi chokha, m'masipelo a Lachisanu, mu Scrabble ndi m'timabokosi ta m'nyuzipepala. Chichewa cholembedwa tidakumana nacho ngati mayeso, ngati Baibulo ndi buku la nyimbo, ngati chikalata cha kuchipatala. Ndi chinthu chaulemu, choopa kulakwitsa. Chinthu chomwe umachiopa sungachiseweretse.

Kuyambira usiku umenewo tidagwirizana kuti tizisewera m'Chichewa, ndipo apa m'pomwe ndidaphunzira zambiri za Countdown kuposa chaka chonse choionera. Masewerawa adasokedwa pa thupi la Chingerezi ndi Chifalansa, ndipo ukaveka Chichewa malaya ake amang'ambika m'makhwapa.

Choyamba, malembo a liwu atatu sakwana. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, ndiye kuti upange mawu aatali umafuna anayi kapena asanu. Q ndi X tidazitaya m'bini. C payekha alibe ntchito ngati H sadatuluke. Chachiwiri, palibe kapepala ka nkhodolero, koma popanda iyo ng'oma yovinira imasanduka ngoma ya m'tchire ya nyanga zopotana. Chachitatu, kalembedwe. Kodi ndi "mawu" a mapointi 4 kapena "mau" a mapointi 3? "Kuona" kapena "kuwona"? "Ndili" kapena "ndiri"? Kusukulu adatiuza kuti pambuyo pa i ndi e tizilemba r, kwina konse l: kulira, kulera, koma kugula, kulola. Chabwino, nanga dzina la mzinda wathu uno? Tikadatsata lamulolo mpaka kumapeto bwenzi tikulemba Lirongwe. Ndipo kukabwera mlendo wa ku Chipata, komwe amalemba c popanda h, "cimanga" chake chikhala cha mapointi 7 pomwe chathu n'cha 8, mbewu yake imodzimodzi.

Koma vuto lalikulu, lomwenso ndi chuma chachikulu, ndi aneni. M'Chingerezi mawu ndi kanthu kamodzi koima pakokha. M'Chichewa mawu amodzi amatha kusenza chiganizo chathunthu: wochita, nthawi, wochitiridwa, kukana, zonse m'thumba limodzi. "Sindidzakuuzaninso" ndi mawu amodzi pa pepala, koma simudzawapeza mu mtanthauziramawu aliyense, poti m'menemo mumalembedwa tsinde lokha. Mukawalola mawu otere, masewera amasanduka kumata maphatikizo mpaka malembo athe. Mukawakana, mwataya theka la chinenero, theka lokoma kumene.

Ndiye ndani aweruze? Countdown imayenda mwamtendere chifukwa aliyense adavomereza buku limodzi ndi munthu mmodzi wolitsegula. Ife mpando umenewo takhala tikuusuntha. Amishoni adayamba: David Clement Scott adatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892, Alexander Hetherwick n'kudzaukonzanso mu 1929. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP, womwe udachitikira kuno ku Lilongwe, udagamula kuti chinenerochi chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale cha fuko lonse. Mu 1972 kudabwera Chichewa Board, yomwe idatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990, n'kumawongola anthu pa wailesi ya MBC. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha bungweli lidathetsedwa, ndipo mu 1996 m'malo mwake mudalowa Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba. Amenewa ndiwo adatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wofotokoza mawu athu m'chinenero chathu chomwe, womwe adasindikiza a Dzuka cha m'ma 2000. Palinso Oxford Chichewa Dictionary ya Steven Paas ya mu 2016. Mabuku alipo ndithu. Koma tayendani m'nyumba za ku Area 10, Area 43 kapena Area 12, momwe mashelefu adzaza, muwerenge nyumba zomwe mupezemo limodzi mwa awiriwa. Kwathu kudalibe. Ndidachita kukakhala ku laibulale ya National Library Service ku City Centre Loweruka lina, ndi kapepala ka milandu isanu ndi umodzi yomwe tidasiyana maganizo ndi agogo.

Ndipo mwina nkhani ya woweruza mmodzi siyotiyenera n'komwe. Omwe adakula nthawi ya Chichewa Board amakumbukira kuti Chichewa "cholondola" chidali ndi fungo la ndodo, ndipo anzathu olankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi zinenero zina ali ndi zifukwa zomveka zosakondwera ndi mbiri imeneyo. Tsono kuchoka pa ndodo tidangogwera mbali inayo, yosasamala n'komwe, mpaka lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira. Pakati pa ndodo ndi kusasamala payenera kukhala malo ena, ndipo ine ndikuganiza kuti malowo ndi masewera. Mwana yemwe akukangana ndi agogo ake ngati "mawu" ali ndi w kapena ayi, chifukwa pointi imodzi ili pachiswe, akuphunzira kalembedwe mwakhama kuposa yemwe akuloweza malamulo kudikira MSCE.

Wailesi yakanema tidakhala nayo mochedwa, mu 1999, koma lero masiteshoni ndi ambiri, ndipo pulogalamu ngati iyi siyofuna chuma: tebulo, bolodi, wotchi ndi anthu asanu. Langizo langa kwa yemwe angaiyese n'lakuti asakope ya Angerezi momwe ilili. Pa timakadi pasakhale malembo, pakhale maphatikizo monga tidaphunzirira kuwerenga mu Sitandade 1: ma, chi, nga, ndi, ku, mbe, ng'o. Pakhale gawo la mayina okha, lomwe buku lingaweruze, ndi gawo la aneni, lomwe wopikisana ayenera kuika mawu ake m'chiganizo chomveka. Pa tebulo la oweruza pakhale anthu awiri, wa buku ndi wa khutu, azitsutsana poyera ife tikumva. Manambala akuluakulu akhale a ndalama zathu, 50, 100, 200, 500. Ndipo chonde, masekondi 30 achete aja asawakhudze.

Sabata yatha agogo adatikonzera mawu osokoneza otsekera masewera. Adayala timapepala 9 pa tebulo: FUNDIKANU. Ine ndidali ndikadasinkhasinkha za fundi ndi kufunda pomwe mwana adamenya tebulo n'kukuwa, "KUNDIFUNA!" Agogo adati walakwa, yankho ndi NDIKUFUNA. Tidawerenga malembo: onse awiri ali ndi N awiri, U awiri, D, I, K, F ndi A. Pa Countdown mawu otsekera amasankhidwa kuti akhale ndi yankho limodzi lokha. Kwathu maphatikizo awiri adangosinthana malo, wofuna n'kusanduka wofunidwa. Adakangana mpaka tiyi kuzizira, wina ati dzina lochokera ku mneni ndi mawu enieni, wina ati mwini funso ndiye mwini yankho, ndipo mkangano wonsewo udachitika m'Chichewa, mwanayo osaponyamo Chingerezi koma "eyitini" yekha. Mapointi tidawapatsa onse.

Nanu nawa anu, ochokera m'kachitini komweko: KHALAMWAN. Yang'anani wotchi, masekondi 30, osabera. Mukakanika, funsani agogo ali pafupi.